Moni wa Che Tatu pa Kanema

Ku Nkope mukafunsa kumene mungagule nsomba yowamba bwino, aliyense akulozerani kwa Che Tatu, koma akuchenjezaninso kuti musapiteko muli pachangu. Nsombayo ndi yabwino, palibe angatsutse. Chovuta ndi moni. Mayi amenewa sagulitsa ngakhale mutu wa mlamba asanakufunseni mmene mwadzukira, mmene adzukira akunyumba, ana, ndi mwendo wa apongozi anu uja unatupa chaka chatha. Ndipo safunsa mongodutsa ayi. Amafunsa n'kudikira yankho, maso ali pa inu, mpaka muyankhe. Ogula ena a ku Limbe anasiyidwapo ndi galimoto chifukwa cha moni wa Che Tatu.

Anabadwira pagombe pomwepo zaka makumi asanu ndi ziwiri zapitazo. Sukulu anailawa mpaka sitandade 3, kenako mayi awo anati pauvuni pakufunika manja ena, ndipo kuyambira pamenepo Che Tatu sanachokepo pa utsi. Maso awo ndi ofiira nthawi zonse, moti alendo amaganiza kuti angochokera kumaliro. Amuna awo, Che Atumani, anali mlovi, msodzi wa panyanja, mpaka msana unawakana, ndiye masiku ano amangosoka maukonde a anthu pansi pa mtengo. Ana aakazi atatu anakwatiwa pafupi, poti ukakuwa amamva. Wamwamuna anali mmodzi yekha, Sadik, ndipo nkhani yagona pa iyeyu.

Sadik anapita ku Joni zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, monga amachitira anyamata ambiri a kuno. Chaka choyamba ankaimba foni Lachisanu lililonse akatuluka mu mzikiti. Chaka chachiwiri anayamba kudumphitsa. Kenako nambala ija inangofa. Obwerera kuchokera kumeneko, wina ankati anamuona ku Durban, wina ku Cape Town, wina ankangoyang'ana pansi. Anthu anayamba kunena kuti anatchona, ndipo amene analitchula liwu limeneli pamaso pa Che Tatu sanagulenso nsomba pamenepo. Kafoni kawo ka mabatani amakamangirira pa mfundo ya chitenje, ndipo nambala sanasinthepo.

Uthenga wa ulendo unabwera ndi a Lusiya, mnzawo wa ponda apa nane mpondepo. A Lusiya ndi a Anglican, kwawo kwenikweni ndi kutsidya ku Malindi, koma mauvuni a awiriwa ayandikana kwa zaka makumi awiri. Ndiwo wapampando wa kalabu ya amayi owamba nsomba, ndipo mpandowo anaupeza chifukwa palibe amene akanawaposa kulankhula. Tsiku limenelo anafika akuthamanga, foni yawo yaikulu ili m'mwamba.

"Achemwali, siyani nsombazo! Tikupita pa kanema!"

Atapuma pang'ono anafotokoza. Wailesi ya kanema ina ya ku Blantyre inkakonza pulogalamu ya a Rowland, ija yokambirana nkhani Lamulungu masana, ndipo mutu wa sabata imeneyo unali wa amayi ndi malonda a nsomba. Ankafuna amayi enieni a kunyanja adzakhale m'gulu la oonerera. Galimoto alipira okha eni pulogalamu.

"Ine pa kanema ndikatani?" anatero Che Tatu. "Nsombazi zidziwamba zokha?"

"Inu ndiye simudziwa kanthu. Pulogalamuyi amaiponyanso pa Fesibuku. Taonani apa." A Lusiya anawawerengera zimene anthu analemba m'munsi mwa pulogalamu ya sabata yatha. Wina anati akuonera ku Durban. Wina anapereka moni ku Makanjira ali ku Cape Town. "Anyamata a ku Joni saphonya. Akatopa ndi ntchito, n'kumene amaonera kwawo."

Che Tatu anasiya kutembenuza nsomba.

"Munthu wamba amampatsa maiki?"

"Kumapeto amapatsa atatu."

"Ndilembeni."

Sabata yonse imeneyo Che Tatu ankakonza mawu. Sanali mawu ofewa. Ankawanong'onezera nsomba pa waya, akuwongola apa n'kuwonjezera apo: "Iwe Sadik, ndinakubereka ndine kapena unagwa mu mtengo? Foni ku Joni zinatha? Zala zinaduka?" Pofika Lachinayi kalipiro linali litakula moti akanati alinene lonse, a Rowland akanafunika pulogalamu ziwiri.

Ananyamuka Lamulungu atangomaliza swala, pemphero la m'mawa la Asilamu, amayi khumi ndi anayi, onse chitenje chimodzi cha buluu. Minibasi inali ya a Harold, bambo amene amanyadira kuti sanachedwetsepo munthu. Tsiku limenelo anachedwa theka la ola chifukwa cha dengu. Che Tatu anati kwa eni ake sapita chimanjamanja, ndiye anasankha chambo khumi ndi ziwiri zonona, zowamba dzulo lake, za a Rowland. A Harold anati dengulo likwere padenga. Che Tatu anati chambo cha mlendo sichikwera padenga ngati matayala. Dengu linakhala pamiyendo pawo, ndipo minibasi yonse inanunkhira mpaka ku Blantyre.

Asanafike n'komwe pa Mangochi boma nyimbo zinali zitayamba. Asilamu akayambitsa yawo, a Anglican ankaipolokozera mosokoneza mawu, ndipo a Anglican akayambitsa yawo, Asilamu ankabwezera. Amayi amene kunyumba amakalipira ana chifukwa cha phokoso anali kumenya denga la minibasi ndi zikhatho. A Lusiya anavala wigi yatsopano imene inkatsetsereka galimoto ikagunda bampu, ndipo aliyense wokhala kumbuyo kwawo anali ndi udindo woibweza. Pa Ulongwe anagula chimanga chootcha. A Lusiya atamaliza chawo anagwira chitsononkho ngati maiki, n'kukweza phewa limodzi monga amachitira a Rowland.

"Oonera athu kunyumbako, lero tili ndi mayi wina wochokera ku Nkope amene sanasambe chiyambire mwezi uno chifukwa choopa ng'ona. Mayi, tiuzeni, fungo limeneli ndi lanu kapena ndi la dengu?"

Chikhakhali chinachita kugwedeza magalasi. Mayi wina anatsamwa ndi chimanga, anzake n'kumumenya pamsana akusekabe. Ngakhale a Harold, amene anali atakwiya chichokere, anaseka mpaka anaphonya giya.

Pa rodibuloko ya ku Liwonde wapolisi anasuzumira pawindo n'kufunsa kumene akupita.

"Pa kanema!" anayankha onse pamodzi, nthungululu pamwamba.

Wapolisi anabwerera m'mbuyo pang'ono, anayang'ana zitenje, ananunkhiza mpweya, kenako anati, "Mukandiperekere moni kumeneko." Che Tatu anafuna kudziwa dzina lake ndi kwawo kuti moniwo ukayende bwino, koma a Harold anali ataponda kale mafuta.

Kupitirira Zomba phokoso linatsika pang'ono, ena anayamba kusinza. Che Tatu sanasinze. Anakumbatira dengu, milomo ikugwedezeka, akubwereza kalipiro lija. Mantha anali atayamba kuwagwira. Opatsidwa maiki ndi atatu okha, ndipo amayi adzachokeranso ku Salima ndi ku Chilwa. Akapanda kuwapatsa, ndiye kuti ulendo wonsewu ayendera chimanga chootcha.

Pa geti la wailesiyo mlonda anakana dengu. Anati chakudya sichilowa mu situdiyo. Che Tatu anamupatsa moni wokwanira, anamufotokozera kuti chimenechi si chakudya koma mphatso, koma bamboyo sanasunthe. Dengu linatsala m'kanyumba kake, ndipo maso amene analiyang'ana nawo sanawasangalatse Che Tatu ngakhale pang'ono.

Mkati munali mozizira ngati m'firiji. Amayi a ku Mangochi, amene kutentha anabadwa nako, anadzikulunga zitenje mpaka m'makutu. Situdiyo imene pa kanema imaoneka ngati holo inali kachipinda chabe, ndipo makoma okongola aja anali mapulaiwudi ochirikizidwa ndi timitengo kumbuyo. A Rowland nawo anali munthu wamfupi, atakhala pampando wina akuwapaka paudala kumaso.

"Aja ndi a Rowland kapena mng'ono wawo?" ananong'ona a Lusiya, koma kunong'ona kwa a Lusiya kumamveka ku Malindi.

Wolamula zonse anali Mayi Tiyanjana, mkulu wa pulogalamu, wovala mahedifoni ndi nkhope ya munthu amene sanadye kadzutsa. Choyamba anawauza kuti azimitse mafoni, chifukwa lero akungojambula, pulogalamuyo idzaonetsedwa pakatha masabata awiri. A Lusiya anagwira pakamwa. Iwo anali atauza Nkope yense kuti asonkhane pa golosale ya Che Yunusu masana omwewo, ndipo anthu ena anali atasiya kupita kunyanja. Anazimitsa foni mofulumira, osati chifukwa cha lamulo.

"Tisanayambe," anatero Mayi Tiyanjana, "tijambuliretu m'manja ndi kuseka. Ndikakweza dzanja, muombe m'manja." Anaomba. "Bwino. Tsopano ndikakweza, museke."

Dzanja linakwera. M'chipindamo munangoti zii. Amayi anayang'anana.

"Pepani mayi," anatero a Lusiya, "tiseke ndani? Wagwa ndani?"

Apo ndiye zinavuta. Chiseko chinaphulika chenicheni, cha misozi, cha kugwirana mapewa. Wigi inatsetserekera pamaso, ndipo panalibe amene anali ndi mphamvu yoibweza. Mayi Tiyanjana anatsitsa dzanja, anakwezanso, anatsitsanso, koma amayi a kunyanja akayamba kuseka salamulidwa ndi dzanja. Zinatenga mphindi zisanu kuti m'chipindamo mukhale bata.

Pulogalamu inayamba. Kutsogolo kunakhala alendo atatu: bambo woona za nsomba, mayi wa bungwe lina, ndi mphunzitsi wa ku yunivesite amene ankatchula nsomba ndi mayina achizungu. Analankhula za nkhuni, za mitengo, za misika. Che Tatu sanamve ngakhale chimodzi. Maso awo anali pa maiki yoyendayenda imene inagona patebulo.

Itafika nthawi ya oonerera, yoyamba inapita kwa mayi wa ku Salima, yachiwiri kwa wa ku Chilwa. Yachitatu a Rowland anaiwerenga papepala: wapampando wa kalabu ya ku Nkope. A Lusiya analandira maiki. Anali atakonzekera za mauvuni osadya nkhuni zambiri, ndipo mwayi wolankhula pa kanema anali ataulota moyo wawo wonse. Anaimirira theka, anayang'ana mnzawo, n'kukhalanso pansi.

"Nenani ndinu, achemwali," anatero, n'kuwakankhira maiki m'manja.

Che Tatu anaimirira, anakonza mpango, anapinda maondo pang'ono.

"A Rowland, muli bwanji bambo?"

"Ndili bwino, mayi. Funso lanu?"

"Ife tili bwino. Nanga kunyumba mwawasiya bwanji?"

"Ali bwino, mayi."

"Zikomo." Anatembenukira kwa bambo woona za nsomba. "Bambo, muli bwanji?" Anadikira. Bamboyo anayankha. Anapita kwa mayi wa bungwe, ndipo poona kuti ndi woyembekezera anamufunsanso mmene thupi likuyendera. Kenako mphunzitsi. Atamaliza alendo anatembenukira kwa bambo wogwira kamera, poti nayenso ndi munthu. Kumbuyo amayi anali atagwa kale ndi phwete.

"Dulani!" anakuwa Mayi Tiyanjana. Anabwera pafupi akuyang'ana wotchi. "Mayi, nthawi yatha. Ndikupatsani masekondi makumi atatu. Moni ayi. Mukaona kagetsi kofiira, ingoyambani nkhani."

Kagetsi kanayaka. Che Tatu anatsegula pakamwa, koma sipanatuluke kanthu. Kalipiro lonse lija linalipo, lathunthu, koma linalibe polowera. Kwawo munthu woyamba nkhani popanda moni ndi amene wabwera kudzachita ndewu, ndipo chibadwire iwo anali asanachitepo zimenezo kwa munthu aliyense. Anayesanso. Lilime linakana.  Anaona Mayi Tiyanjana akukodola munthu kuti akalande maiki, ndipo mtima unawawawa poganiza kuti ayenda ulendo wonsewu kudzangoyasama.

A Rowland ndiwo anaimika wolandayo ndi dzanja. Kufupika kwawo n'kwa thupi lokha, mutu ali nawo.

"Mayi, mwabwera kudzalankhula ndi ndani?"

"Ndi mwana wanga."

"Ali kuti?"

"Ku Joni. Kaya mbali iti. Zaka zisanu ndi chimodzi osamumva."

"Ndiye ife tisiyeni, mwatipatsa kale. Yang'anani pa kamera apo, mumupatse moni iyeyo."

Che Tatu anatembenuka. Anayang'ana galasi lakuda lija nthawi ndithu, mpaka anasiya kuliona.

"Asalamu aleikumu, Sadik. Ndine mayi ako. Uli bwanji, mwanangu?"

Ndiye anadikira. Anadikira monga amadikirira aliyense amene amupatsa moni, maso osaphethira, mutu utapendekera pang'ono kuti amve bwino. Palibe anaseka. Mayi Tiyanjana anali atakweza dzanja kuti adule, koma dzanjalo linangokhala m'mwamba. Masekondi anadutsa, amene pa kanema amati ndi okwera mtengo aja. Penapake kumbuyo mayi wa ku Salima anayamba kufwenthera, poti ana otere si a ku Nkope okha.

"Nambala ndi yomwe ija," anatero Che Tatu pomaliza, n'kukhala pansi.

Pobwerera minibasi inali ya phokoso kuposa popita. Mafoni atayatsidwa, a Lusiya anapeza kuti anthu a pa golosale aimba kokwana makumi atatu, ndipo anawayankha mmodzimmodzi kuti vuto ndi netiweki ya ku Blantyre. Amayi ankasinthana kuyerekeza Che Tatu akupatsa moni kamera. Dengu linabwerera lopanda kanthu, ndipo mlonda analumbira kuti chambo chonse chinafika kwa a Rowland, ngakhale milomo yake inali yonyezimira. Che Tatu ankaseka nawo, koma mkati anali okwiya ndi iwo eni.

"Sabata yonse ndikukonza mawu, achemwali, osanena ngakhale limodzi. Ndangoima ngati chitsa. Adula zimenezo. Ndani angaonetse munthu ali duu?"

"Akadula tibwereranso," anatero a Lusiya. "Ulendo uno dengu tidzadya tokha."

Sanadule. Lamulungu lachiwiri Nkope yense anadzazanso pa golosale ya Che Yunusu, ndipo anaona zitenje za buluu, anaona wigi, anakuwa aliyense akaona wake. Moni wa alendo aja anauchotsa, koma wa Sadik anausiya wonse, ndi kudikira komwe. Chete uja anatalika moti Che Yunusu anaganiza kuti kanema wagwira, anamumenya khofi pambali. Che Atumani, amene sakonda za gulu, anaonera ataima kunja pawindo, ndipo itangotha mbali imeneyo anabwerera ku maukonde awo.

Lolemba foni sinalire. Lachiwiri inalira kawiri, onse ogula a ku Limbe, ndipo kwa nthawi yoyamba Che Tatu anawafupikitsira moni kuti asatseke njira. Lachitatu kunali zii. A Lusiya anasiya kuwawerengera za pa Fesibuku, chifukwa mwa onse olemba m'munsimo munalibe Sadik.

Lachisanu masana, Che Tatu akuyala utaka pa waya, mfundo ya chitenje inanjenjemera. Anamasula ndi manja a mafuta. Nambala inali yaitali, yachilendo. Anaika pakhutu. Kunkamveka magalimoto ambiri ndi munthu akupuma, osalankhula. Iwonso sanalankhule. Mbali yawo anali atanena kale.

"Waleikumu salaamu, amama."

Mawu anali atakula, okhuthala ngati a bambo ake, koma anali omwewo. Anakhala pansi padothi pomwepo.

"Wachedwa kuyankha, iwe."

"Ndinalibe choti n'kukuuzani, amama. Zinthu sizinayende. Ndinkachita manyazi."

"Sindinakufunse za zinthu. Ndakufunsa kuti uli bwanji."



"Ndilipo, amama."

"Ulipo," anatero Che Tatu. Anabwerezanso kachiwiri, motsitsa. Kenako analira mokweza, kulira kwa zaka zisanu ndi chimodzi, moti a Lusiya anataya nkhuni n'kubwera akuthamanga poganiza kuti kwagwa maliro. Anawapeza ali pansi, foni ataikanikiza pakhutu ndi manja onse awiri, akufunsa mwana wawo ngati wadya.